Mulungu Anali Kuti Phiri Litagumuka?

Usiku wa pa 12 kulowa pa 13 Malichi 2023, phiri la Soche mu mzinda wa Blantyre linakhuthulira matope ndi miyala pa nyumba za anthu a ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu zinali chimodzimodzi: pamene panali nyumba, makola ndi minda panangotsala miyala ikuluikulu ndi mchenga. Namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi muno, ndipo matupi a ena sanapezeke mpaka lero. Anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, ambiri n'kuthawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Tsokali linapeza dziko lili kale m'maliro, pakuti kolera inali itatha chaka chathunthu ikupulula anthu.

Masabata otsatira, m'mapemphero munadzaza maumboni, ndipo tonse tinawamva. Munthu amaimirira n'kufotokoza kuti matope anadutsa pakhomo pake penipeni, nyumba ya kumanja inapita, ya kumanzere inapita, yake yokha n'kutsala chiimire. Amamaliza ndi kunena kuti Mulungu ndi wachifundo, mpingo n'kuwomba m'manja, amayi n'kululuta. Koma pa benchi lomwelo pankatha kukhalanso mwini nyumba ya kumanja ija, amene anali atangochoka kumanda kukaika ana ake. M'makutu mwake umboniwo unkamveka bwanji? Ngati chifundo ndicho chinapatutsa matope pa nyumba imodzi, nanga chinawalozera ku nyumba inayo n'chiyani?

Funso limeneli ndilo phata la mtsutso wa anthu okayika, ndipo Mkhristu amene amalipeputsa ndiye kuti sanalimvetse. Si lachilendo ayi. Amati woganiza wa ku Greece, Epicurus, amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, ndiye analiyala poyamba, ndipo David Hume wa ku Scotland analikuza m'buku limene linatuluka mu 1779 iye atamwalira kale. Akhristu amanena zinthu zitatu pa nthawi imodzi: Mulungu ndi wamphamvu zonse, Mulungu ndi wachifundo, ndipo masautso alipodi. Wokayika amati zitatuzi sizingayendere limodzi, chimodzi chiyenera kugwa. Tsono poti masautso tikuwaona ndi maso athu, chogwa chikhale mphamvu ya Mulungu kapena chifundo chake.

Anthu a ku Ulaya funsoli linawagwira pakhosi pa 1 Novembala 1755, pamene chivomezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon ku Portugal. Linali tsiku la chikondwerero cha Oyera Onse, m'mawa, anthu ambiri ali m'matchalitchi. Amene anapulumuka ku zipupa anathawira kudoko, kumene mafunde a nyanja anawapeza, ndipo zimene zinatsala moto unanyeketsa kwa masiku angapo. Anthu masauzande ambirimbiri anafa. Alaliki ena anati chinali chilango cha machimo a mzindawo. Mlembi wa ku France, Voltaire, anapsa mtima ndi mayankho oterewa ndiponso ndi chiphunzitso chakuti zonse zochitika zimathera ku ubwino, ndipo mu 1759 anatulutsa buku lotchedwa Candide lonyoza maganizo amenewo.

Ine ndine Mkhristu, ndipo ndimakhulupirirabe kuti Mulungu ndi wachifundo. Koma chikhulupiriro chimenechi sichinayambe chifukwa chakuti anthu ena anayang'ana dziko n'kupeza kuti zonse zili bwino. Chinabadwira m'mabwinja, pakati pa anthu amene ankadziwa njira ya kumanda kuposa ife. Chifukwa chake manda atsopano, ngakhale achuluke chotani, si umboni watsopano umene chikhulupirirochi sichinauonepo. Komabe tisanafike pamenepo, tiyenera kuvomereza kuti nkhuni zambiri zimene okayika amasonkhezera moto wawo timawatolera ndife eni ake.

Pali mawu amene timalankhula pa maliro pofuna kutonthoza, koma amamupaka Mulungu mbiri yoipa. Timati Mulungu wathyola duwa lokongola m'munda mwake. Timati tinamukonda koma Mulungu wamukonda koposa. Mayi amene wataya khanda akamva zimenezi amafunsa mumtima kuti ndi chikondi chanji chimene chimalanda mwana pa bere. Enanso amathamangira kunena kuti namondwe ndi mkwapulo wa Mulungu pa dziko lochimwa, ngati kuti machimo a Malawi yense anaunjikana m'nyumba za zidina za m'mphepete mwa phiri, n'kulambalala nyumba za mipanda za anthu amene amaba ndalama za mankhwala.

Baibulo lenilenilo limakana mayankho amenewa, ndipo limawakana mwamphamvu kuposa Voltaire. Yobu atataya ana, chuma ndi thanzi, anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anabwera n'kukhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osatsegula pakamwa. Mpaka pamenepo anachita bwino. Atangoyamba kulankhula anaononga zonse, pakuti anakakamira zoti munthu savutika popanda chifukwa, ndiye Yobu aulule tchimo lake. Yobu anakana, anadandaula, anamuitanira Mulungu ku bwalo la milandu. Kumapeto kwa bukulo Mulungu anakwiyira anzake aja, amene ankadziyesa omuteteza, ndipo anavomereza Yobu amene ankakangana naye. Yesu nayenso, m'mutu 13 wa Luka, anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kukanitsitsa kuti iwowo anali ochimwa kuposa anthu ena a mu Yerusalemu. M'mutu 9 wa Yohane ophunzira ake anafuna kudziwa amene analakwa kuti munthu wina abadwe wosaona, mwiniwakeyo kapena makolo ake. Yesu anakana mbali zonse ziwiri, n'kumuchiritsa munthuyo.

Njala yofuna kupeza wolakwa pa imfa iliyonse ife timaidziwa bwino, ndipo imapha. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Amene amati tsoka lililonse ndi chilango cha Mulungu ndi amene amati tsoka lililonse ndi ufiti wa agogo amamwa pa chitsime chimodzi: onse sangapirire kuvomereza kuti munthu wosalakwa akhoza kuvutika. Koma chikhulupiriro chimene pakati pake pali munthu wosalakwa wopachikidwa pa mtanda sichingaphunzitse kuti wovutika aliyense ali ndi mlandu.

Nanga maumboni aja? Kuthokoza si kulakwa. Munthu amene wapulumuka akathokoze ndithu, pakuti moyo ndi mphatso. Cholakwika n'kusandutsa chipulumutso chako kukhala chizindikiro chakuti Mulungu amakukonda kuposa mnzako. M'mutu 12 wa Machitidwe a Atumwi muli nkhani ziwiri zogundizana: mfumu Herode inapha Yakobo ndi lupanga, kenako inatsekera Petro m'ndende, koma Petro anatuluka usiku mozizwitsa. Onse awiri anali atumwi, onse awiri ankayenda ndi Yesu, ndipo wolemba sananene paliponse kuti Petro anapemphera kwambiri kapena kuti Yakobo anali ndi tchimo lobisika. Anangolemba zonse ziwiri, mwa ulemu, osawonjezera. Umboni wa Chikhristu uyenera kunenedwa m'mawu amene namfedwa wokhala pa benchi lomwelo angathe kuwapirira.

Tikachotsa mayankho oipawa, pali zina zimene nzeru ingathe kunena, ngakhale sizifika patali monga ena amafunira. Choyamba ndi ufulu wa munthu. Mu 1955 katswiri wa maganizo J. L. Mackie analemba kuti mphamvu ya Mulungu, ubwino wake ndi kupezeka kwa zoipa zimatsutsana kotheratu. Mu 1974 Alvin Plantinga anayankha kuti ngati Mulungu anafuna kulenga anthu okhoza kukonda mwa kufuna kwawo, ndiye kuti analenganso anthu okhoza kukana chikondi, pakuti chikondi chokakamiza si chikondi. Kuchokera pamenepo akatswiri ambiri, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, anasiya kunena kuti zitatu zija sizingakhalire limodzi mpang'ono pomwe. Nkhondo, katangale, kugwiririra ndi kuba chimanga cha anthu anjala ndi ntchito za manja athu, ndipo kumufunsa Mulungu chifukwa chake sanatigwire dzanja ndi kumupempha kuti atilande umunthu.

Chachiwiri ndi kukhazikika kwa chilengedwe. Madzi amene amameretsa chimanga ndi omwewo amene amamiza munthu. Mphamvu imene imagwira nyumba kuti isauluke ndi yomweyo imene imagubuduza mwala kuchokera pamwamba pa phiri. Chikhala kuti chilengedwe chimasintha khalidwe lake ola lililonse, mlimi sakanadziwa nthawi yodzala, dokotala sakanadziwa mlingo wa mankhwala, ndipo palibe amene akanaphunzira kanthu kapena kuyankha mlandu pa zochita zake. Komanso masoka ambiri amene timati ndi achilengedwe ali ndi zala za anthu mkati mwake. Jean-Jacques Rousseau anamuyankha Voltaire mu 1756 kuti si chilengedwe chimene chinaunjika anthu m'nyumba zosanja za ku Lisbon. Kwathu kuno tikudziwa kumene mitengo ya m'mapiri a Blantyre inapita: inatsika m'matumba a makala. Tikudziwanso chifukwa chake anthu amamanga pa malo otsetsereka: malo abwino mtengo wake sangaufike, ndipo munthu ayenera kugona pafupi ndi kumene amapeza ganyu. Pamwamba pa izi pali kutentha kwa dziko lapansi, kumene gwero lake lalikulu ndi utsi wa mayiko olemera, pamene zowawa zake zimagwera kwambiri mayiko osauka.

Zonsezi ndi zoona, koma zili ndi malire, ndipo Mkhristu woona mtima ayenera kuwatchula malirewo asanawatchule mnzake womutsutsa. Mwana wa zaka ziwiri amene anakwiririka ku Chilobwe sanadule mtengo, sanagulitse puloti, sanaotche makala. Mu 1979 William Rowe anapereka chitsanzo cha kamwana ka gwape kopsa ndi moto wa m'nkhalango woyamba ndi mphenzi, kamene kamavutika masiku angapo kasanafe, popanda munthu woona kapena wophunzirapo kanthu. Ufulu wa munthu sulowapo pamenepa. Ndipo mtsutso waukulu kuposa yonse unalembedwa ndi munthu wokhulupirira. Fyodor Dostoevsky wa ku Russia anaika m'manda mwana wake wa zaka zitatu mu 1878, ndipo m'buku lake lomaliza, limene linatha kutuluka mu 1880, anaika m'kamwa mwa Ivan Karamazov mawu okana mtendere uliwonse wa kumapeto umene mtengo wake ndi kuzunzika kwa mwana wosalakwa. Dostoevsky sanamuyankhe Ivan ndi mfundo ina yoposa. Anamuyankha ndi miyoyo ya anthu achifundo a m'bukumo, ndiponso ndi Khristu amene amakhala chete pamaso pa womuimba mlandu.

Apa ndi pamene tifika pa mtima wa nkhani. Mawu otchuka kwambiri a m'Baibulo onena kuti chifundo cha Mulungu sichitha ndipo chimaoneka chatsopano tsiku lililonse sali m'buku la chikondwerero. Ali pakati penipeni pa buku la Maliro, limene linalembedwa Ababulo atagwetsa Yerusalemu cha m'ma 586 Yesu asanabadwe. Buku lomwelo limasimba za ana okomoka ndi njala m'misewu, ndi za amayi amene njala inawafikitsa pophika ana awo. Wolembayo anaona zimene Voltaire sanaone, koma ndiye amene akunena za chifundo. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mu mdima, popanda mawu amodzi achitonthozo, ndipo amene anasonkhanitsa Masalimo sanalichotse. Habakuku akuyamba buku lake ndi kumufunsa Mulungu kuti adzakhala chete mpaka liti. Wokayika amene amafunsa kuti Mulungu anali kuti asaganize kuti watulukira funso limene okhulupirira amaliopa. Akubwereza pemphero lakale kwambiri, kungoti walichotsa dzina la wolandira.

Kwathu kuno uthenga wa maliro ukamveka, munthu amasiya khasu m'munda. Amayi amamanga chitenje n'kunyamuka, wina atasenza nkhuni, wina kambale ka ufa, wina ndowa ya madzi. M'nyumba ya siwa amachotsa mipando n'kuyala mphasa, ndipo amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika kapena a m'mphakati amakhala mozungulira namfedwa, kuimba mpaka mawu kusasa. Abambo amakoleza moto panja n'kuchezera pomwepo, mame akuwagwera. Kusanache adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu ndi mapiki. Mwa anthu onsewa palibe amene amabwera ndi yankho la chifukwa chake malemu amwalira. Amangoti pepani, n'kukhala pansi. Koma zaka zikapita, namfedwa amaiwala ulaliki wa tsikulo, osaiwala amene anabwera kudzagona naye ndi amene sanaoneke. Akuluakulu anati maliro n'kulirana.

Chimene Chikhristu chimanena, chimene chimachisiyanitsa ndi nzeru zongofotokoza, n'chakuti Mulungu anabwera pa siwa. Sanatumize chipepeso ali kutali. Pa chipata cha mudzi wa Naini, Yesu anakumana ndi maliro a mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye, ndipo Luka akunena kuti anagwidwa chifundo asanachite china chilichonse; anakhudza chithatha cha maliro, chinthu chimene malamulo a chiyero ankachiyesa chodetsa munthu. Ku Betaniya, pa manda a Lazaro, alongo ake a malemu anamudandaulira kuti anachedwa kubwera, ndipo iye sanawadzudzule, koma analira nawo. Pomaliza iye mwini anagwidwa usiku, anaweruzidwa mopanda chilungamo, anakwapulidwa, ndipo anafa akufuula funso loyamba la Salimo 22, funso la munthu amene akumva kuti Mulungu wamusiya. Ngati Akhristu akunena zoona kuti wopachikidwayo ndi Mulungu mwini, ndiye kuti funso lija la wokayika linatulukapo m'kamwa mwa Mulungu.

Anthu a nthawi imeneyo sanaone kukoma kulikonse m'chiphunzitso chimenechi. Oganiza ambiri a Chigriki ankaphunzitsa kuti mulungu weniweni sakhudzidwa ndi zowawa, ndipo kwa Aroma mtanda unali imfa ya akapolo ndi zigawenga. Pa khoma lina la pa phiri la Palatine ku Rome panapezeka chithunzi chakale chojambulidwa monyoza: munthu wa mutu wa bulu atapachikidwa pa mtanda, pambali pake Mkhristu wina dzina lake Alexamenos akumupembedza. Munthu wofuna kupeka chipembedzo choti chikope anthu sakanayambira pamenepo. Koma anthu amene ali pa moto ndiwo amachimvetsa msanga. Dietrich Bonhoeffer, m'busa wa ku Germany amene anakana ulamuliro wa Hitler, analemba ali m'ndende mu 1944 kuti thandizo lenileni lili mwa Mulungu amene amavutika nawo anthu, ndipo anapachikidwa ndi chingwe ku Flossenbürg pa 9 Epulo 1945. Ku Japan, chaka chimodzi mabomba atagwa pa Hiroshima ndi Nagasaki, Kazoh Kitamori anatulutsa mu 1946 buku lonena za ululu wa Mulungu. Anthuwa sankalemba atakhuta.

Wokayika anganene kuti misozi siidzutsa wakufa, ndipo akunena zoona. Mulungu wongolira nafe basi akanakhala mnzathu wabwino koma wopanda thandizo. N'chifukwa chake Chikhristu sichithera pa Lachisanu Loyera. Chimati wopachikidwa uja anauka, ndipo kuuka kwake ndi chikole chakuti imfa, matope ndi nkhanza sizidzakhala ndi mawu omaliza. Paulo sanabise kuti zonse zapachikika pamenepo: analembera Akorinto kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chawo n'chopanda pake ndipo iwo ndi anthu omvetsa chisoni kuposa onse. Munthu akhoza kukana kuti kuukako kunachitika, ndipo pamenepo ndi pamene mtsutso weniweni uyenera kuchitikira. Koma aliyense adziwe chimene akusankha. Kumuchotsa Mulungu sikufafaniza manda ngakhale amodzi. Ana aja amakhalabe akufa, kungoti tsopano palibenso bwalo kumene mlandu wawo udzamveke, ndipo amene anafa akuzunzidwa ndi amene anawazunza amathera m'dothi limodzi mofanana. Izi sizitsimikiza kuti Mulungu alipo. Zikungosonyeza kuti kukana Mulungu sikuyankha funso la masautso, kumangolitsekera pakamwa.

Ena amaloza ndime zowawa za m'Baibulo momwemo: chigumula, nkhondo za Yoswa, lamulo lopulula Aamaleki, ndi chiweruzo chomaliza. Akhristu sanayambe lero kulimbana nazo. Cha m'ma 144 Marcion anafuna kutaya Chipangano Chakale chonse, mpingo unakana, n'kusankha njira yovuta yowerenga malemba onse poyang'ana Khristu. Ndipo malembawo amadzikonza okha pamene akupita. Yona anakwiya chifukwa Mulungu anakhululukira Nineve, likulu la adani ankhanza a Israeli, ndipo bukulo limatha Mulungu akuteteza chifundo chake pa anthu ndi ziweto za mumzindamo. Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanitsa moto kuti unyeketse mudzi wa Asamariya umene unakana kuwalandira, Yesu anawadzudzula. Kunena za chiweruzo, amene amachiona ngati chotsutsana ndi chifundo nthawi zambiri ndi amene sanalandidwepo munda kapena kuona wopha m'bale wake akuyenda mfulu. Kwa mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake anamulanda nyumba ndi ziwiya zonse, Mulungu wosakwiya ndi zoipa sangakhale wachifundo.

Mtsutso wina umati chikhulupiriro chonsechi ndi mankhwala ogonetsa. Karl Marx mu 1844 anayerekeza chipembedzo ndi mankhwala oziziritsa ululu wa anthu oponderezedwa, ndipo Sigmund Freud mu 1927 anati ndi chilakolako cha munthu wamantha chofuna bambo womuteteza. Koma kulakalaka kuti chinthu chikhale choona sikuchisandutsa bodza, ndipo wosakhulupirira nayenso akhoza kulakalaka kuti kusakhale woweruza. Komanso amene anayesa kukhulupirira ali pa chisoni amadziwa kuti si tulo. C. S. Lewis analemba buku lofotokoza za ululu mu 1940. Mkazi wake atamwalira ndi khansa mu 1960, analemba lina lodzaza ndi mkwiyo ndi mafunso, n'kulitulutsa pa dzina lobisika. Anakhalabe wokhulupirira, koma monga munthu wotsimphina.

Ndipo mankhwala ogonetsa sadzutsa anthu kukagwira ntchito. Mliri utagwa mu ufumu wa Aroma cha m'ma 250, Dionysius, bishopu wa ku Alexandria, analemba kuti Akhristu ambiri anatsala kusamalira odwala mpaka kufa nawo matendawo, pamene ena ankathawa abale awo. Mu 362 mfumu Julian, imene inasiya Chikhristu n'kufuna kubwezeretsa milungu yakale, inadandaula m'kalata kuti Akhristu akudyetsa osauka awo ndi osauka a anthu achikunja omwe. Cha m'ma 370 Basil wa ku Caesarea anamanga malo aakulu osamalira odwala, akhate ndi alendo. M'Malawi muno zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Malamulo, Likuni, St Luke's ku Malosa ndi Holy Family ku Phalombe, pansi pa bungwe la CHAM, zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo, makamaka kumidzi. Ndipo pa 8 Malichi 1992, nthawi imene anthu ankaopa ngakhale kunong'ona, inali kalata ya mabishopu a Katolika yowerengedwa m'matchalitchi imene inatchula poyera za umphawi, malipiro osalungama ndi kutsekera anthu popanda mlandu. Chaka chotsatira Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri.

Wokayika adzatsegula tsamba lina la mbiri yomweyo, ndipo ali ndi ufulu wotero. Panali Akhristu amene anadalitsa malonda a akapolo, ndi mipingo imene inapezera tsankho la ku South Africa mavesi. Ku Rwanda mu 1994 anthu masauzande anaphedwera m'matchalitchi mmene anathawira, monga ku Ntarama ndi ku Nyange, ndipo wansembe Athanase Seromba anapezeka wolakwa ndi khoti la mayiko onse mu 2006. Lero lino pali odzitcha aneneri amene amagulitsa madzi ndi mafuta kwa odwala, ena mpaka kuwauza kuti asiye kumwa ma ARV. Palibe chifukwa chobisa zimenezi. Koma muyeso umene timawayezera anthuwa n'kuwapeza operewera ndi wa Yesu yemweyo amene iwo anamupereka. Ndipo pamene George Thindwa ndi bungwe lake la anthu osapembedza ankamenyera ufulu okalamba omangidwa pa milandu ya ufiti, Akhristu ambiri ali chete, Mkhristu wodziwa Baibulo lake sanayenere kudabwa. M'fanizo lija la munthu wovulazidwa pa msewu wa ku Yeriko, wansembe ndi Mlevi ndiwo analambalala, ndipo wachifundo anali munthu amene omvera ankamuyesa wachipembedzo cholakwika.

Chatsala chinthu chimodzi choti wokayika alingalire. Mkwiyo umene amamva poona mwana atakwiririka m'matope ukuchokera kuti? Chilengedwe pachokha sichidziwa mawu akuti siziyenera kutero. Mkango ukagwira mbawala suchita manyazi, ndipo phiri silipepesa. Ngati munthu ndi fumbi longokumana mwangozi, imfa ya mwana ndi chochitika chabe, chowawa kwa ife koma chosalakwira lamulo lililonse. Komatu wokayikayo sakunena kuti zikumuwawa basi. Akunena kuti n'zolakwika, kuti mwanayo anali wa mtengo wapatali ndipo anayenera kukhala ndi moyo. Ndikugwirizana naye ndi mtima wonse. Sindikunena kuti wosakhulupirira sangakhale wachifundo, pakuti ambiri amatiposa. Ndikungofunsa kumene chigamulo chakecho chaima. Mkhristu amati chaima pa Mulungu amene analenga mwanayo m'chifanizo chake ndipo amadana ndi imfa kuposa mmene ife timadanira nayo. Pamenepa mkwiyo wa wokayika ndi chikhulupiriro cha Mkhristu ndi apachibale.

Choncho kwa inu amene mumakayika, musasiye kufunsa, ndipo musalole munthu kukuopsezani kuti kufunsa ndi tchimo. Yobu anafunsa ndipo anavomerezedwa. Koma funsani mpaka kumapeto, muweruze Chikhristu pa mtanda ndi pa manda opanda kanthu, osati pa mawu osaganizira a mlaliki wa pa maliro. Kwa inu okhulupirira anzanga, Mulungu sanatitume kukhala maloya ake. Pamene simukudziwa chifukwa, musapeke. Tetezani agogo amene akulozedwa chala, dzalani mitengo m'phiri, funsani makhansala ndi aphungu za malo abwino omangapo anthu osauka, perekani magazi kuchipatala, ndipo namfedwa mukamuyenderenso patatha mwezi, anthu onse atabalalika. Anthu ambiri sadzawerenga Plantinga kapena Bonhoeffer. Adzagamula ngati Mulungu ndi wachifundo poona zimene inu mwachita tsoka litagwa pa mnzanu.